Denga Limene Limamira Loweruka

Boti linapita ndi anthu awiri, linabwera ndi mmodzi.

Ndinali pakhomo la tenti ndikusenda malalanje pamene ndinaona alamu akupalasa kulunjika kumtunda, mosafulumira, chipewa chili pamphumi. Mpando wakutsogolo, pamene achimwene anakhala m'mawa uja atagwira m'mbali mwa boti ndi manja onse awiri, unalibe munthu. Ndinayamba ndaseka, poganiza kuti agona pansi ndi chizungulire. Kwathu tonse atatu, achimwene, achemwali ndi ine, palibe wodziwa kusambira. Tinakulira kumene madzi amabwera m'paipi, ndipo madzi akuya amene tinkawadziwa ndi a mumgolo.

Ulendowu anaukonza ndi alamu. Anati banja likapume kudamu, tikagone m'matenti, tikawedze, tiiwale zakale. Zakalezo sizinali zakale kwenikweni. Mwezi wapitawo achimwene anapeza achemwali, akazi a alamuwo, atamangidwa pulasitala padzanja, ndipo nkhani yakuti anaterereka kubafa sanaikhulupirire. Anawauza alamu pamaso kuti zikadzachitikanso adzakanena kupolisi, ndiponso kutchalitchi kumene alamu amatsogolera kwaya. Alamu analira, anapepesa, kenako n'kutisungitsira matenti.

"Achimwene ali kuti?" ndinafunsa boti litangokhudza mchenga.

"Ndawatsitsa kutsidya, mlamu. Awaimbira kuti kushopu kwabuka vuto, ndiye akakwera basi kumsewu wa uko. Akuti musawadikire. Komanso foni yawo inali pafupi kuzima."

Ine ndine wapolisi, koma wa pamsewu, wa malaya oyera uja amene madalaivala amamutukwana akangomupitirira. Mlandu wakupha sindinaufufuzepo. Koma msewu unandiphunzitsa chinthu chimodzi: dalaivala akakuyankha funso limene sunamufunse, mutsegulitse kubuti. Za foni sindinawafunse alamu.

Ndinaimba. Inali yozimadi.

Achemwali anali atagwada pambali pa sitovu ya gasi akutsuka makapu, duku lawo lachikasu litatsika mpaka m'zikope. Sanadzutse mutu. Kapu imodzi anaitsuka, anaitsukuluza, n'kuyambanso kuitsuka.

"Nsomba ndi izi," anatero alamu, akutukula milamba iwiri ikuluikulu. "Mlamu wanga wadzera kudya ndi kupuma, osati kufunsa mafunso. Yunifomu munaisiya kunyumba, si choncho?"

Anamwetulira. Alamu ali ndi mano oyera ofola bwino, ndipo azimayi a kwaya amati akamwetulira nyimbo imayamba yokha. 

* * *

Maboti amabwerekedwa kuseri kwa mitengo ya bulugamu, kapansi pang'ono kuchokera pa matenti. Ndinadikira kuti alamu abweze lawo ndi kupita kumpopi kukatumbula nsomba, kenako ndinatsetsereka.

Mwini maboti anali bambo wamfupi, wa mimba yotsogola, amene madandaulo ake anayamba ndisanapereke n'komwe moni.

"Anthu a m'tauni, mukuona, boti amaliyesa wilibala. Ndapenta mwezi womwe uno, mukuona. Ukawauza kuti samalani, akuti eya, eya. Akabwera, taonani."

Ndinagwada kutsogolo kwa botilo. Dalaivala akhoza kulumbira kuti sanagunde kanthu, koma bampala siidziwa kunama. Pamphuno pa boti panali mkwasa watsopano, penti itasupuka, ndipo m'mkwasamo munali fumbi lotuwa la simenti ndi ndere zobiriwira zosauma.

"Kutsidya kuli doko la simenti?"

"Kutsidya? Matope okhaokha, amayi, ofika m'mawondo. Boti likatsitsa munthu uko limabwera lakuda, ine n'kutsuka mpaka msana, mukuona."

Ndinayang'ana pansi pa boti ndi pa nkhafi. Panalibe thope ngakhale la kuchala.

"Nanga simentiyi yachokera kuti?"

"Iyi ndi ya Padenga, palibenso kwina." Atangotero anadzigwira pakamwa. Anayang'ana kumadzi, anayang'ana ine. "Ine sindinanene kanthu. Maboti anga sapita Padenga. Ndimawaletsa onse, makamaka Loweruka. Akapita, apita okha."

"Padenga ndi chiyani?"

"Inu ndinu ndani kodi? Ine sindiyankha mafunso a aliyense. Kafunseni mayi wa nyongolotsi, ndi amene pakamwa pake palibe chitseko."

Anayamba kutulutsa zinthu m'botimo mwaukali: majekete awiri oyandamitsa munthu, chingwe cha nangula, chitini chokapira madzi. Atapisa dzanja pansi pa mpando wakutsogolo, kuseri kwa chingwe, anaima.

"Ndi izi zomwe ndimanena. Amaiwala chilichonse."

Anatulutsa nsapato. Zinali zachikopa, zolemera, zokhala ndi timabowo takuda pamwamba. Achimwene ndi owotcherera zitsulo, ndipo nsapato zawo zonse zimadyedwa ndi nthethe za moto. M'kati mwake munali sokosi zopindidwa bwino, imodzi uku imodzi uku, monga mayi athu anatiphunzitsira.

Munthu wokakwera basi savula nsapato. Ndinakhala pansi pamchenga.

* * *

Mayi wa nyongolotsi amakhala pansi pa ambulera pafupi ndi geti, ndi zidebe zake za dothi lonyowa. Anali wamkulu thupi, wosekaseka, ndipo ankalankhula zala zili m'dothi.

"Padenga? Mwana wanga, iwe ndi manja osalalawo ukufuna Padenga? Uko n'kwa amuna osamva. Asanamange damuli kunali fakitale ya njerwa kumtunda uko, kumene mtsinje umalowera. Madzi atabwera anaimeza yonse, kunangotsala denga la konkire ndi kachumuni kothyoka. Milamba imagona m'zipinda za pansi ngati mabwana. Ukaponya mbedza, sudikira."

"Munthu amaimapo bwanji?"

"Wopanda nsapato. Ndere zake n'zoterera ngati sopo. Aliyense amavulira m'boti, ndiye lamulo la pamenepo. Mwamuna wanga malemu anapondapo ndi nsapato za tchalitchi, anabwera mano awiri ali m'thumba." Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chigongono.

Ine kuseka kunalibe. 

"Bambo ovala chipewa choyera aja, amene tabwera nawo, munawaonapo?"

"Bambo aulemu aja? Ee, kasitomala wanga woipa. Anabwera Loweruka lathali okha. Nyongolotsi sanagule, mbedza analibe. Anangokhala pabenchi apo, mayi izi, mayi izo, mawu okoma ngati akundifunsira. Ndinati bambo, ine ndakalamba, gulani nyongolotsi."

Alamu anatiuza m'galimoto kuti damuli sanalionepo, kuti anangomva kwa anzawo a kwaya. Pageti anafunsa ngakhale njira ya ku matenti.

"Ankafunsa chiyani?"

"Za madzi. Amafika nthawi yanji, amakwera mpaka pati, asodzi amakhalako kapena ayi. Ndinati bambo, Loweruka kulibe munthu uko, ngakhale wamisala. A magetsi amatsegula zitseko za damu laling'ono la kumtunda. Ndiye madzi saiwala khwawa, mwana wanga. Mtsinje umadutsa momwe unkadutsa kale, pamwamba penipeni pa denga. Kuno sitiona kanthu, madzi amangokwera chala chimodzi. Koma uko kopanikizika uko, amafika m'chifuwa, ndipo amakoka. Anakwera phiri ilo bambowo kukaonerera okha, anabwera akuti zodabwitsa ntchito za Mulungu."

"Amatsegula nthawi yanji?"

Kuseka kuja kunatha. Anatulutsa zala m'dothi, nandiyang'ana bwinobwino kwa nthawi yoyamba.

"Sayirini ikalira koyamba, ndi chenjezo. Inalira kale, dzuwa lisanafike pamutu. Ikalira kachiwiri, ndiye kuti atsegula. Mwana wanga, kodi uko kuli munthu?"

Nthawi yomweyo kuchokera kumtunda kwa damu, kutali kuseri kwa mapiri, kunayamba kumveka kulira kwakutali kokwera pang'onopang'ono. Mbalame zinauluka m'mabulugamu.

* * *

Ndinaimba kupolisi ndikuthamanga. Anati galimoto yapita kungozi, ikabwera aituma. Mawu amenewo ndimawadziwa, ndawanenapo kwa anthu ine ndemwe, ndiye sindinataye nthawi kukangana.

Mwini maboti ali ndi boti limodzi la injini, lomangidwa ndi tcheni. Ndinadziwa kuti munthu wamantha ngati uja sangalimasule popanda kuona chiphaso changa cha ntchito, ndipo chiphasocho chinali m'chikwama mutenti. Matenti oyandikana nafe anali otseka, eni ake atakwera kukajambulitsa pakhoma la damu.

Achemwali anali pamalo pomwe paja. Alamu ndinawaona chapatali kumpopi, atawerama, atatifulatira.

"Achemwali, nsapato za achimwene zili m'boti."

"Usandifunse kanthu, iwe."

"Sindikukufunsani. Ndikukuuzani kuti mlongo wanu waima padenga pakati pa madzi, ndipo madzi akubwera."

Kapu inagwa m'beseni. Mawu awo atatuluka anali aang'ono ngati a mwana.

"Foni sanapite nayo. Alamu ako anawalanda m'mawa, akuti inganyowe. Anaiika m'galimoto, m'kabokosi ka kutsogolo. Ndinaona. Atabwera muja n'kunena kuti awaimbira, anandiyang'ana. Iwe sudziwa mmene amayang'anira."

Ndinafuna kuwakalipira, ndinafunanso kuwakumbatira, koma nthawi ya zonsezo panalibe. Makiyi a galimoto anali patebulo lopinda, pambali pa malalanje anga. Dzanja langa linawatola lokha. Ndi chinthu choyamba chimene timachita pamsewu: usanalankhule ndi dalaivala wokayikitsa, zula makiyi, ndiye kuti wamumanga miyendo.

"Tiyeni tipitire limodzi."

"Ayi. Ndikachoka adziwa. Pita iwe, ine ndiwakazingira nsomba, ndiwachedwetsa. Thamanga."

Ndinaganiza mwachangu, ndipo ndinaganiza ngati wa pamsewu. Kunja kukuwala, geti lili ndi mlonda, makiyi ali m'thumba mwanga. Munthuyo angapite kuti?

Ndikutuluka mutenti ndi chiphaso, ndinapeza alamu ataima pambali pa sitovu. Sindinawamve akubwera. Dzanja lina linali ndi mbale ya nsomba, lina mpeni, ndipo madzi ofiira ankadontha kuchigongono.

"Mlamu, mwatuluka thukuta. Mukupita kuti?"

"Kukagula machesi."

"Machesi si awa?" Analoza ndi mpeni. Maso awo anatsika pa zala zanga, pamene ndere za paboti zinali zitasiya zobiriwira, kenako anapita patebulo, kenako kwa achemwali. Anamwetuliranso. "Pitani, mlamu. Musachedwe, nsomba imakoma yotentha."

Ndinayenda mpaka pa mabulugamu. Nditalowa m'mitengo ndinathamanga ngati sindinathamangepo chibadwire.

* * *

Mwini maboti ataona chiphaso anasanduka munthu wina. "Bwana, mukananena kale. Ine ndimalemekeza boma, mukuona." Tcheni anamasula, anandiveka jekete, ndipo injini inalira atakoka kachitatu. Maboti ena onse tinawasiya pamchenga, nkhafi zili momwemo.

Za ulendowo sindikumbukira zambiri, chifukwa theka lake ndinali nditatsinzina. Madzi a damu si abuluu ngati a pachithunzi. Ukawayang'ana pafupi ndi akuda, ndipo umadziwa kuti pansi pake pali misewu ndi nyumba ndi mitengo yoimirira. Ndinkaopa madziwo, ndinkaopa zimene tikapeze, ndipo koposa ndinkaopa kuti sitikapeza kanthu.

Titakhota kuseri kwa phiri, damu linapanikizika pakati pa matanthwe, ndipo mtundu wa madzi unasintha. Anali ofiirira, othamanga, atanyamula nthambi ndi thovu. Boti linayamba kudumpha. Mwini maboti analeka kudandaula, ndipo chete wakeyo anandiopsa kuposa mafunde.

"Denga lili pati?" ndinafunsa.

"Linali apo, bwana."

Pamene analoza panalibe denga. Panali madzi okhaokha otumphuka, ndi kachumuni ka njerwa kotuluka pamwamba ngati chitsa. Ndinayang'ana mpaka maso kuwawa. Kenako chitsacho chinasuntha mutu.

Achimwene anali atakumbatira chumunicho, madzi ali m'khwapa. Lamba wa buluku anali atamukoloweka pachitsulo cha makwerero akale n'kumukulunga pamkono. Nkhope yawo inali yotuwa ngati phulusa. Atationa sanakuwe, sanagwedeze dzanja. Ankaopa kumasula ngakhale chala chimodzi.

Kawiri madzi anatikankha kutipitiriza. Kachitatu mwini maboti anadzera kumtunda, anazimitsa injini, natisiya kuti madzi atigunditse pachumuni. Penti ya boti lake inasupuka mbali yonse koma sanadandaule. Ndinagwira achimwene kolala, iye anawagwira buluku, koma mkono unakana kuchoka pachitsulo.

"Achimwene, siyani. Ndine."

"Trafiki?" Ndi mmene amanditchulira. "Trafiki, sindingathe. Dzanja lafa."

Ndinadula lambayo ndi mpeni wa mwini maboti. Tinawakokera m'kati ngati thumba la simenti, ndipo anagona pansi akusanza madzi, mapazi ali mabala okhaokha. Ndinalira, sindibisa. Ndinawavula malaya onyowa n'kuwafunditsa lona, ndikuwatukwana kuti munthu wamkulu amatsika bwanji pamalo otere osadziwa kusambira.

"Anati tigwirizane ngati amuna," anatero, mano akugundana. "Anagwira milamba iwiri, n'kunena kuti tsikani mlamu, pamwambapo ndi pamene pali zazikulu. Vulani nsapato, jekete isiyeni ikulemerani. Nditangoponda, anakankha boti. Ndinayesa nthabwala. Sanathamange, Trafiki. Ankapalasa pang'onopang'ono akundiyang'ana, akuimba nyimbo ya pamaliro."

Mwini maboti analiza injini n'kutembenuza. Madzi tsopano ankatikankha kumbuyo, ndipo mtima wanga unayamba kukhala m'malo. Ndinayamba ngakhale kuwerengera mboni m'mutu: nsapato, mkwasa wa simenti, mayi wa nyongolotsi, foni m'galimoto. Koposa onse achemwali, amene anaona foniyo ikubisidwa. Popanda iwo alamu akanatha kunena kuti achimwene anatsika okha mwa makani awo.

Achimwene anadzutsa mutu pansi pa lona.

"Mkulu wako ali kuti?"

"Ali kutenti."

"Wamusiya ndi ndani?"

"Musadandaule." Ndinapisa m'thumba n'kuwaonetsa makiyi, ndipo ndikuvomera kuti ndinawaonetsa monyadira. "Sangapite kulikonse. Ndawamanga miyendo."

Achimwene anayang'ana makiyiwo, kenako anandiyang'ana ine, ndipo sanamwetulire.

Tinatuluka kuseri kwa phiri, damu lonse linatseguka patsogolo pathu, lalikulu, lophwaphwatika, lowala ndi dzuwa. Kutali ndinaona mabulugamu, tenti yathu, ndi galimoto itaima pomwe inali. Pa sitovu pankafuka utsi wakuda, wa chinthu chopserera chopanda wochiyang'anira.

"Bwana," anatero mwini maboti. Mawu ake anali atatsika. "Majekete ena onse ali pachingwe, ndikuwaona kuchokera pano. Koma boti limodzi palibe."

Analoza kumanzere, kumene khoma la damu limaima. Kumeneko kuli mzere wa migolo yofiira yoyandama, malire amene boti lililonse limaletsedwa kudutsa, chifukwa kuseri kwake madzi amakokedwa kulowa pansi kumakina. Boti laling'ono linali litatsala pang'ono kufika pa migoloyo. Munali anthu awiri. Wina ankapalasa mosafulumira, chipewa choyera chili pamphumi. Wina anakhala kutsogolo atagwira m'mbali ndi manja onse awiri, monga timagwirira kwathu, ndipo pamutu pake panali duku lachikasu.

"Thamangitsani," ndinatero.

"Yafika pamapeto, bwana. Siithamanga kuposa apa."

Achimwene anayesa kuimirira, miyendo inakana. Ine ndinangokhala, makiyi ali m'dzanja, nditawafinya mpaka kundicheka. Msewu ndinautseka bwinobwino, monga anandiphunzitsira. Za madzi sindinaganize.

Boti lija linadutsa pakati pa migolo iwiri yofiira, ndipo alamu anaika nkhafi pansi.